Njinga ya batire ija musalipire kaye, achimwene

Achimwene, njinga yamagetsi mwaika chithunzi chakeyo kuti mukufuna kugula, yolembedwa mota ya 1000W, batire ya 48V 20Ah, makilomita 100 pa chaji imodzi, mashoko kutsogolo ndi kumbuyo, musatumize ndalama kaye. Mtima ukundiwawa polemba izi chifukwa malonda amenewa ndimawadziwa mpaka m'kati mwa batire, ndipo anthu akugwerabe m'mbuna yomweyo.

Mukaigula, sabata ziwiri zoyamba imauluka, anzanu a kabaza kumakuyang'anani mwansanje. Ndiye tsiku lina mwanyamuka ku Area 25 m'mawa, display ikuonetsa mabara a chaji onse asanu. Mwafika ku Old Town, mwawoloka mlatho wa Lilongwe, mwayamba chitunda. Mabara atatu agwa nthawi imodzi. Mota yadula, display yazima, minibasi ili pamsana panu ikuliza hutala, kondakitala akutukwana. Mwazimitsa, mwayatsanso, mabara abwerera anayi, mwasangalala. Mamita 50, yazimanso. Tsopano mukupalasa chitsulo cha makilogalamu pafupifupi 30 ndi miyendo yokha, shoko ya kumbuyo ija ikudumphadumpha n'kumadya mphamvu yanu yonse, malaya a kuntchito ali chinyowere. Chachitika n'chakuti ma cell, timabatire ting'onoting'ono ta m'kati mwa batire, ndi otopa. Akakhala chete volteji imaoneka yabwino, koma mota ikangofuna mphamvu yambiri pachitunda volteji imagwa pansi pa malire, BMS, kabolodi kolondera batire, n'kudula. Mukatsegula bokosilo mupeza ma cell a mitundu itatu, obiriwira, apinki, abuluu, ochotsedwa m'mabatire akale a laputopu, pamitu pali zipsera za kuwotcherera koyamba, ndipo mpata wotsala anatsekamo siponji kuti zisagwedere.

Muimbireni wogulitsa uja mumve. "Bwana munachaja molakwika." Mawa lake: "Ndi magetsi a kwanuwo." Mkuja chithunzi chake chasowa pa WhatsApp, wakublokani. Chimene chimandinyansa n'chakuti anthuwa amadziwa zimene akugulitsa. Sitika ya 20Ah amamata okha, ndipo sakulolani kuiyesa kupitirira pageti. Amati katundu ndi wa m'katoni, koma m'katoni anaikamo ndi iwo.

Pa njinga yamagetsi ndalama yaikulu ili m'batire, choncho kunama kumayambira pomwepo. Chulukitsani V (volteji) ndi Ah (kukula kwa batire), mupeza Wh, mphamvu yonse imene batire imasunga. 48V 20Ah ndi 960Wh. Cell yeniyeni ya saizi ya 18650, ya Samsung, LG kapena Panasonic, imathera cha m'ma 3500mAh ndipo imalemera magalamu 45 mpaka 48. Mukaona yolembedwa 9900mAh ndi bodza lamkunkhuniza. Kuti zikwane 20Ah pa 48V pafunika ma cell 78, mizere 13 ya asanu ndi imodzi, kutanthauza makilogalamu oposa atatu ndi theka a ma cell okha, bokosi ndi mawaya tisanawerengere. Pitani ndi sikelo, ngakhale ya pa butchala. Batire yonse ikalemera makilogalamu atatu, 20Ah mulibemo. Pitaninso ndi multimeter, kachipangizo koyezera volteji: batire ya 48V ikadzaza iwerenge 54.6V, ya 36V iwerenge 42V. Ikathera pa 52V chaja itayatsa kale getsi lobiriwira, mwina gulu lina la ma cell lafa kapena BMS sikulinganiza ma cell. Za makilomita 100 ziiwaleni. M'misewu yathu ya fumbi ndi zitunda werengani 15Wh pa kilomita mukamathandiza kupalasa, 20 kapena kuposa mukamangopotokola throttle. Batire ya 48V 13Ah, imene ili 624Wh, ikupatsani makilomita 30 mpaka 40, ndipo imeneyo ndi yoona.

Mota ya njinga mwaikayo ndi ya m'habu ya kumbuyo. Pa tala ilibe mlandu. Koma mwati mukufuna kumakwera nayo ku Dzalanyama ndi ku Nkhoma, ndiye mvetsani. Mota ya m'habu siidutsa m'magiya a njinga, choncho pachitunda chachitali imazungulira pang'onopang'ono, mphamvu imasanduka kutentha, ndipo ngati ili ya magiya m'kati, timagiya take ta nayiloni timatha mano. Masipoko amathyokera pafupi ndi habu, komanso ndi aafupi ndi okhuthala kuposa amene amagulitsa kumsika, mudzayendera tauni yonse. Onaninso ngati pali torque arm, kachitsulo kogwira ekiselo ku felemu. Popanda iko 1000W imakukuta felemu ya aluminiyamu mpaka ekiselo kuzungulira n'kudula mawaya a mota. Mota ya pakati, pa mapedulo, monga Bafang BBS02 kapena Tongsheng TSDZ2, imakoka kudzera pa tcheni, mukaika giya yaikulu kumbuyo imakwera mosatentha, ndipo tayala la kumbuyo limachoka ngati la njinga wamba chubu chikaboola. Vuto lake ndi tcheni ndi ma sprocket, magiya a kumbuyo aja, zimatha msanga, makamaka ndi fumbi la mu Okutobala. Musasinthe giya mota ikukoka, tcheni imaduka.

Mashoko awiri pa njinga ngati imeneyi ndi zokongoletsa. Sipuling'i chabe, yopanda mafuta oigwira, ndipo mabawuti a pa pivot, polumikizira felemu ya kumbuyo, amayamba kugwedera dzinja limodzi lisanathe. Tengani ya shoko ya kutsogolo yokha. Mabuleki akhale a disiki a mafuta, ngakhale Shimano MT200 ikwana, disiki ya 180mm kutsogolo. A waya pa njinga yolemera chotere potsika phiri mudzakumbuka amayi anu. Matayala a 26 ndi amene amapezeka paliponse, a 27.5 ndi 29 amayenda bwino m'mabampu koma tayala likang'ambika muli ku Mitundu mubwerera pa lole. M'machubu thiranimo sealant, mankhwala otseka pobooka, minga ya kuno siiseka.

Wina m'makomenti wanena za njinga za kaunjika za ku Japan, za Panasonic ndi Yamaha. Zambiri ndi za m'tauni, mota imasiya kuthandiza pa makilomita 24 pa ola, ndipo chaja yake nthawi zambiri ndi ya 100V. Mukaibaya pakhoma lathu la 230V popanda transformer imangoti phu, kafungo, basi. Za Bosch ndi Shimano ndi zabwino zedi, koma batire yake imalankhulana ndi mota yake yokha, simungaikepo ina wamba, ndipo kuitanitsa yatsopano ndi nkhondo chifukwa batire yoposa 160Wh salola kukwera nayo ndege ya anthu, musavutitse m'bale wa ku Johannesburg.

Ndi ndalama mukufuna kulipirazo, ine ndikanati gulani njinga ya m'mapiri yakale koma ya felemu yabwino, Trek, Giant kapena Specialized, yopanda mng'alu powotcherera, ya bottom bracket (polowa ekiselo ya mapedulo) ya mazinga, ya 68 mpaka 73mm, muikepo mota ya BBS02 ija, ndipo zotsala zonse zipite ku batire ya ma cell odziwika. Chaja ya 2A imadzaza 13Ah pa maola asanu ndi awiri, choncho ndi magetsi athu ozimazimawa muzichaja akangoyaka. Osachaja batire ili yotentha mutangofika, ipume kaye theka la ola. Osachajira kuchipinda chogona usiku, ikani pa simenti kutali ndi makatani, moto wa lithium ndi wovuta kuzimitsa. Mukaisiya mwezi osayenda, ikhale pa theka. Ndipo anyamata a pa car wash asaithire madzi a mphamvu aja, amalowa m'mota ndi m'mapulagi, nsanza yonyowa ikwana.

Komabe ngati bambo wa 1000W uja angalole kuti muyese batire pa sikelo, muikwere mphindi 30 pachitunda inu nokha, n'kutsitsa mtengo kwambiri, mwina itengeni, felemu ndi mota zikhoza kukhala zabwinobwino. Mungowerengera kuti batire mudzagula ina, ndipo ndalama yake muibise padera lero. Tumizani chithunzi cha sitika ya pa chaja ndi cha ekiselo ya kumbuyo mbali ya mawaya, ndikuuzeni ngati torque arm ilipo.