Musathamangire kugula nyale, yambani ndi dzuwa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake nkhope za osewera a m'filimu yanu zikutuluka zakuda mukajambula panja ku Matero, komanso ngati mugule nyale zodula. Ine ndikuti ndalamayo isungeni kaye.

Vuto ndi nthawi imene mukujambulira. Kuno ku Lusaka dzuwa likafika paliwombo limaponya mithunzi m'maso ndi kunsi kwa chibwano, ndiye kamera ikamatsatira kuwala kwa thambo, khungu lathuli limamira. Jambulani m'mamawa, kapena kuyambira 16 koloko mpaka dzuwa litalowa cha m'ma 18. Wosewera afulatire dzuwa, wina agwire pepala lalikulu loyera kapena chinsalu choyera cha ku Kamwala, kubwezera kuwala kunkhope. Khungu lakuda limakongola ndi kuwala kofewa kochokera chammbali. Kuliwalitsa ndi nyale yamphamvu kutsogolo kumangolichititsa mbuu, ndipo zimandiwawa ndikaona mayi wokongola atamuwononga chonchi.

M'nyumba, khazikani munthu pafupi ndi zenera, muzimitse babu lakudenga. Mtundu wa kuwala umayesedwa ndi nambala za K: kuwala kwa masana ndi pafupifupi 5600K, kwa babu lachikasu pafupifupi 3200K. Mukasakaniza, nkhope imatuluka mitundu iwiri. Magetsi athu ndi a 50Hz (amasinthasintha ka 50 pa sekondi), choncho ikani kamera pa 25fps (zithunzi 25 pa sekondi) ndi shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse) pa 1/50 ya sekondi kuti chithunzi chisamaphethire.

Ndipo musaope mdima. Ngati nkhaniyo ndi ya mwana akuwerenga magetsi atazima, kandulo iwonekere, theka la nkhope likhale mumthunzi. Mukadzapeza kangachepe, kanyale kamodzi ka LED ka batire kakukwanirani.