Dzuwa silidikira munthu wodzola lipisitiki

Iii chemwali, ndi funso lanu la momwe mungajambulire zithunzi za pulojekiti ya kusukulu yoonetsa kusweka mtima, mwandikumbutsa bala lomwe silinapole. Ine pulojekiti ya kusweka mtimayi ndinaichita ku Zomba mwezi wa Juni, ndipo amene anasweka mtima mapeto ake ndi ine ndemwe. Ndinakonzekera milungu iwiri. Chipinda chimodzi, zenera limodzi loyang'ana kumadzulo, mtsikana atakhala m'mphepete mwa bedi, kuwala kukumenya tsaya limodzi, linalo lili mumdima. Kamera yobwereka, Canon 600D ndi lenzi ya 50mm, ndinayiika pa f/1.8, kutsegula lenzi mpaka pamapeto, kuti kumbuyo kuzimiririke. Reflector, chobwezera kuwala chija, ndinapanga ndekha, katoni yomata pepala lonyezimira la kukhitchini lija. Mtsikanayo anali mnzake wa mnzanga, chibwenzi chake chinali chitangotha kumene, ndiye ndinati eya, misozi yeniyeni, sindivutika ndi anyezi.

Tinagwirizana 4 koloko. Amene mumaidziwa Zomba mukudziwa kuti phiri lija limameza dzuwa msanga, ndipo mu Juni ikangodutsa 5 basi mwatha. Hafu pasiti folo kulibe. Foni sakuyankha. Ine ndili pazenera kuonerera kuwala kwanga kukukwera khoma pang'onopang'ono. Akutulukira 5 itadutsa, wigi yatsopano, lipisitiki yofiira, akuseka ndi foni kukhutu. Abwererana! Usiku wathawu! Ndiye wosandiuza bwanji? Ndikuti chemwali yang'anani pansi, ganizani zowawa, iye mano onse panja, ati sakufuna aoneke ngati wamasiye pa Facebook. Kenaka magetsi phethi. Ndinayatsa kandulo, ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ndinakweza mpaka 3200, zithunzi kutuluka ngati ndawaza mchenga, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) pa 1/30 ya sekondi, manja akunjenjemera ndi mkwiyo. Bambo wachibwenzi aja aimbanso kuti ali panja, ndipo sakufuna "mkazi wawo" ajambulidwe pabedi. Mtsikanayo ananyamuka osatsanzika n'komwe, tiyi amene ndinamugulira mkaka ndi ndalama yanga ya ndiwo atangomwa kamodzi. Mpaka lero ndikamuona m'tauni ndimawoloka msewu.

Ndinatsala ndekha, ndikulira zenizeni tsopano. Mwaukali ndinaika kamera pampando, ndinatsitsa ISO kufika 400, timer ya masekondi awiri, n'kujambula zomwe anasiya: kapu ya lipisitiki m'mphepete, malo obonyoka pabulangete pomwe anakhala, kandulo pambali. Kapuyo ndinaikankhira pakona yapansi, mbali yonse yotsala ili mbee. Chithunzi chimenecho ndi chomwe aphunzitsi anaimapo nthawi yaitali, zinazo anangodutsa.

Ndiye inu, konzani zonse mpaka pa miniti. Pitani pamalopo dzulo lake nthawi yomweyo muone kuwala kukugwera pati. Gwero la kuwala likhale limodzi, lochokera m'mbali, babu la kudenga muzimitse chifukwa limadetsa m'maso ngati chigaza komanso mtundu wake umakangana ndi wa pazenera. Kukachita chiperoni musadandaule, mitambo ija imafewetsa kuwala bwino kuposa chilichonse mungagule. Munthu musamuike pakati, akhale m'mphepete akuyang'ana kunja kwa chithunzi, malo opanda kanthu akhale kumsana kwake. Jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona), white balance (kutentha kapena kuzizira kwa mitundu) mudzaiziziritsa pambuyo, koma musachite kuthira buluu ngati ali mufiriji. Ndipo za duwa lofota ndi galasi losweka zisiyeni, theka la kalasi yanu libweretsa zomwezo.

Komabe pezani munthu amene wasiyidwadi, wongoyerekeza amaonekera pakamwa. Kungoti mumujambule sabata yomweyo asanabwererane, ndipo asaine kapepala kovomereza kuti zithunzi mudzazionetsa, chifukwa wanga uja anandilemberanso pa WhatsApp kuti ndifufute ngakhale cha kapu chija, ati lipisitikiyo anthu aizindikira.