Alongo anu asasaine pepalalo, akadali wantchito

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Ulónguè, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndaifupikitsa. Alongo awo ankagwira ntchito kwa munthu wogula mbewu, kukweza ndi kutsitsa matumba a chimanga, soya ndi nyemba. Chaka chatha lole ya pantchitopo inagubuduzika akuchokera kokatenga chimanga chakumtunda kwa Dómuè. Mwendo unaphwanyika ndipo madokotala anaudula m'munsi mwa bondo. Abwana analipirako zina za kuchipatala, kenako anati bakapumani kunyumba. Tsopano akutumiza mawu oti alongowo apite akasaine pepala losonyeza kuti asiya ntchito mwa kufuna kwawo, alandire kangachepe kotsazikira. Achibale ena akuti asaine basi, akalembetse ku INAS, bungwe la boma lothandiza anthu ovutika. Funso la mayiwa ndi lakuti: kodi munthu wa mwendo umodzi angapezenso ntchito kuno kwathu, kapena tingovomereza?

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zagwera banja lanu. Koma musanamalize n'komwe kuwerenga zonsezi, imbirani alongo anu muwauze kuti pepalalo asasaine. Akalemba dzina pansi pa mawu oti achoka okha, pa maso pa lamulo adzakhala munthu amene anatsanzika mwaufulu, ndipo zambiri zimene akanayenera kulandira zidzavuta kuzitsatira. Ndikuona kuti banja lonse lathamangira kufunsa komwe angapeze ntchito ina kapena thandizo la boma, pamene ntchito imene anali nayo sinathe. Palibe amene wawachotsa mwa lamulo. Nkhani iyambire pamenepo.

Ngozi yochitikira pa galimoto ya abwana, munthu ali pa ulendo wa ntchito, ndi ngozi ya pantchito. Malamulo a ntchito a dziko lathu, amene anakonzedwanso mu 2023 kulowa m'malo mwa aja a 2007, pamodzi ndi Decreto 62/2013 yonena za ngozi ndi matenda a pantchito, amaika udindo pa wolemba ntchito. Iye amayenera kukhala ndi seguro (inshuwalansi) ya antchito ake onse, ndipo ngati analibe, mtolowo ndi wake yekha, sugwera wovulalayo. Udindowo suthera pa bilu ya chipatala ayi. Umafika pa mankhwala, pa zipangizo monga mwendo woikirira, komanso pa chipukuta misozi kapena penshoni malinga ndi mmene madokotala a junta, gulu loyeza kulumala kwa munthu, ayezera kuti mphamvu zogwirira ntchito zachepa motani. Ndipo pali mfundo imene anthu ambiri saidziwa: wolemba ntchito ayenera kuyesetsa kumupezera wovulalayo malo ena ogwirizana ndi zimene angathe tsopano. Zikakanikadi, m'pamene angathetse mgwirizano, koma polipira zimene lamulo likunena, osati zimene mtima wake wakonda.

Mwina mundiuza kuti analibe contrato yolemba, monga zilili ndi anyamata ambiri onyamula matumba ku Angónia ndi ku Tsangano. Zimenezo sizichotsa ufulu wawo. Lamulo limaona kusowa kwa pepalalo ngati vuto la wolemba ntchito. Chofunika ndi umboni woti ankagwiradi ntchito pamenepo: mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola a malipiro, anzawo amene anali nawo pa lole tsiku limenelo, mapepala onse a kuchipatala, lipoti la apolisi ngati linalembedwa. Sonkhanitsani zimenezi mu envelopu imodzi, mujambulenso pa foni. Musazengereze, chifukwa milandu ya ntchito ili ndi malire a nthawi, ndipo mboni zimabalalika nyengo yogula mbewu ikatha.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. Abwana ambiri a mabizinesi ang'onoang'ono si anthu ankhanza. Vuto lawo n'lakuti akamuona munthu ali pa ndodo, m'mutu mwawo mumangobwera ntchito imodzi imene sangathenso, ndipo amaiwala zina zonse zimene zimachitika pa malo omwewo. Ndiye alongo anu asapite kukapempha chifundo. Apite atanyamula ganizo lokonzeka kale. Taganizirani zimene zimachitika pogula mbewu. Pali munthu wokhala pa sikelo. Pali wolemba m'kaundula kuti mlimi uyu wabweretsa makilogalamu angati. Pali woyang'ana ngati chimanga chauma bwino, ngati muli anankafumbwe, ngati wina wathira mchenga pansi pa thumba. Pali wowerenga matumba pokwera lole ndi potsika, wosoka matumba, wosunga makiyi, woyankha foni ya alimi. Munthu amene wasenza matumba zaka zambiri amadziwa ndi dzanja lokha kuti thumba ili silikwana makilogalamu 50, ndipo amadziwa njira zonse zimene katundu amasowera pakati pa sikelo ndi lole. Bwana wanzeru amafuna munthu wotero pakhomo la nyumba yosungiramo katundu kuposa mnyamata watsopano wodziwa kulemba koma wosadziwa mbewu.

Nanga zofunika kusintha pamalopo n'zotani? Mpando wolimba pafupi ndi sikelo. Tebulo loti kaundula asamalembedwe munthu ataimirira. Thabwa kapena simenti pang'ono pa sitepe yolowera. Njira yopita kuchimbudzi yopanda matope ndi milu ya matumba, ndipo ichi musachite nacho manyazi kuchitchula, chifukwa anthu ambiri olumala amasiya ntchito chifukwa cha chimbudzi, ngakhale sanena. Chilolezo cha masiku opita ku fisioterapia kapena kokayezetsa mwendo woikirira ku Tete. Mwinanso kuyamba mochedwerako m'miyezi ya mvula, pamene misewu ya m'mabairro imaterera ndipo ndodo zimamira. Mukaziwerengera zonsezi, mtengo wake sufika pa matumba ochepa a chimanga. Zinthu zoterezi zili ndi maziko m'malamulo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene Mozambique inalowamo mokwanira mu 2012, limanena kuti kukana kusintha zinthu zazing'ono zotheka kuti munthu agwire ntchito ndi mtundu wa tsankho. Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 37 ndi 125, amati nzika zolumala zili ndi ufulu wonse ndipo ziyenera kutetezedwa mwapadera. Mu 2024 tinapezanso lamulo lapadera, Lei 10/2024, lolimbikitsa ndi kuteteza ufulu wa anthu olumala, patapita zaka zambiri mabungwe awo akulimenyera.

Ganizolo lilembedwe m'kalata yaifupi ya Chipwitikizi, makope awiri, abwana asaine pa imodzi kuti alandira. Kalatayo inene zinthu zitatu zokha: tsiku ndi mmene ngozi inachitikira, kuti alongo anu sanasiye ntchito ndipo ndi okonzeka kubwerera, ndi ntchito zimene angathe kugwira. Isakhale ya ukali. Ku Ulónguè anthu amadziwana, ndipo mawa mudzakumana pa maliro kapena ku tchalitchi. Apite ndi munthu wamkulu wa m'banja, amalume kapena inuyo, kuti pakhale mboni. Koma wolankhula akhale mwini wake. Ndimadandaula ndikaona achibale akumulankhulira munthu wamkulu ndithu, iye ali pompo chete, ngati kuti mwendo unapita ndi pakamwa pomwe. Bwana akaona zimenezo amatsimikiza maganizo ake aja oti munthuyu watha.

Abwana akakana kapena akamangozemba, njira zilipo ndipo sizilira ndalama zambiri. Kuli a Inspecção do Trabalho, amene ntchito yawo ndi kuona ngati ngoziyo inanenedwa ndiponso ngati seguro inalipo. Kuli malo oyanjanitsa antchito ndi owalemba ntchito, a CEMAL, kumene nkhani zambiri zimathera osafika ku khoti. Kulinso IPAJ, yopereka thandizo la zamalamulo kwa anthu amene sangathe kulipira loya. Yambani ndi IPAJ ya pa boma lanu, iwo akuuzani khomo loyenera kugogoda.

Za INAS zija. Achibale anu akusakaniza zinthu zitatu zosiyana. Seguro ya pantchito ndiyo imalipira ngozi ngati iyi. INSS, bungwe la boma la penshoni za antchito, kumene kumapita 7 peresenti ya malipiro, 4 ya wolemba ntchito ndi 3 ya wantchito, imapereka penshoni kwa amene walumala ndi matenda kapena ngozi yosakhudzana ndi ntchito, ngati anasonkha mokwanira. Ngakhale zili choncho, kafufuzeni ngati abwanawo ankaperekadi ndalamazo, chifukwa zidzafunika pa ukalamba. INAS ndi ya mabanja osaukitsitsa opanda wowagwirira ntchito, ndipo ndalama zake ndi zochepa kwambiri, sizingadyetse bambo wa ana. Kumene ingathandize ndi pa zipangizo monga ndodo kapena njinga ya olumala, kudzera ku ofesi ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu pa boma, ya SDSMAS. Kufunsa zimenezo si kulakwa. Cholakwika ndi kutaya ufulu waukulu n'cholinga chokaima pa mzere wa thandizo laling'ono.

Tinene kuti zonse zachitika, alipidwa zawo, koma kubwerera kwakanika. Kodi ntchito ina ingapezeke? Sindikunamizani, n'kovuta. Ntchito zolembedwa n'zochepa m'chigawo chathu ngakhale kwa a miyendo iwiri, ndipo zambiri zili kumunsi, ku Tete ndi ku Moatize, kutali ndi munda ndi abale. Komabe akalembetse ku malo a ntchito a INEP, afunsenso za maphunziro a ntchito zamanja a IFPELAC. Chimodzi chokha ndikupempha: musawasankhire. Kwathu kuno munthu akangolumala, aliyense amamuuza za kusoka nsapato kapena utelala, ngati kuti ntchito za olumala zinalembedwa kale penapake. Ngati mtima wawo uli pa telala, zili bwino. Koma munthu wodziwa mbewu ngati iwowa angathe kugula ndi kugulitsa yekha, ali ndi sikelo yake pa msika, mwana wa mlongo wake akuthandiza kunyamula. Angathe kukhala wothandizira anthu kutumiza ndi kulandira ndalama pa foni, kukonza mafoni, kapena kusunga kaundula wa gulu la alimi a fodya kapena a mbatata. Akadzilemba okha ntchito, INSS imalandiranso anthu otero, ndipo ndi bwino kulowa msanga.

Afunenso anzawo. Pali ADEMO, bungwe la anthu olumala m'dziko muno, ndi FAMOD imene imasonkhanitsa mabungwe otere. Pa kalembera wa 2017 anawerenga anthu olumala oposa 700,000, pafupifupi 2.6 peresenti ya anthu onse, ndipo ambiri amene amatsata nkhaniyi amaona kuti chiwerengerocho n'chochepa, poti bungwe la zaumoyo padziko lonse limati ndi anthu pafupifupi 16 pa 100 alionse. Ena anangobisika m'nyumba. Dziko lino linakhala ndi mabomba okwirira mpaka 2015, ndiye m'midzi yathu muli akuluakulu amene akhala zaka zambiri ndi mwendo umodzi, akulima, akuchita malonda, akulera ana. Iwowo ndi amene angawauze alongo anu zimene ine sindingathe: mmene amasamalirira chilonda kuti mwendo woikirira usawatupitse, mmene amakwerera chapa (minibasi) yodzaza, mmene amayankhira munthu wowapatsa ndalama ya chifundo pamsewu iwo asanapemphe.

Inu mayi, gawo lanu likhale la mapepala ndi kuperekeza. Sabata ino pezani lipoti la kuchipatala ndi mayina a amene anali pa lole ija. Sabata yamawa mupite limodzi ku IPAJ kalata yopita kwa abwana isanaperekedwe, kuti aione kaye. Abwana akatumanso munthu ndi pepala lija, yankho likhale laulemu ndi lalifupi, loti nkhaniyi tikuitsata ndipo tibwera ndi kalata yathu. Mukapita ku junta, muonetsetse kuti mwatenga kope ya zotsatira, chifukwa chiwerengero chimene madokotala alembe pamenepo ndicho chidzagwiritsidwe ntchito powerengera ndalama zonse.