Kukagona m'RV ku gombe la Oregon: yankho kwa mayi wa ana awiri

Mayi wina wa ku Portland, mzinda wa m'chigawo cha Oregon ku America, wanditumizira imelo. Akuti iwo ndi bambo a kunyumba akufuna kubwereka RV, galimoto ija yokhala ndi mabedi, khitchini ndi chimbudzi momwemo, akakhale kunyanja ndi ana awiri. Akufunsa kuti tsiku limatha bwanji kumeneko, nanga ana akasambira ngati ku Senga Bay?

Mayi, za kusambirazo iwalani. Madzi a nyanja ya Pacific kuno ndi ozizira ngati a m'firiji ngakhale mu Julaye, mwana amangoponda n'kubwerera akukuwa. Komanso nyanjayi siikhala phee ngati yathu. Kawiri pa tsiku imaphwa n'kudzazanso, ndipo ndiyo imakuuzani nthawi yodzuka, yoyenda ndi yophika. Mukangofika, pezani kapepala kosonyeza maola amenewa.

Ine ndimakonda South Beach State Park ku Newport, mukangowoloka mlatho wa Yaquina Bay kulowera kum'mwera. Mapaki a boma salola kupitirira masiku 14 motsatizana, ndipo malo a m'chilimwe amatha msanga, choncho sungitsani pa intaneti nthawi ikadalipo. Pamalo panu mukapeza magetsi ndi mpopi wamadzi.

Zimene zithunzi za pa Facebook sizionetsa ndi chinyezi. M'mawa mawindo amakhala akuchucha thukuta, thaulo lomwe munayanika dzulo likadali lonyowa, mchenga uli mpaka m'mabulangete. Nsapato zizigona panja, musanyengerere aliyense. Ndiye pali matanki awiri pansi pa galimoto, lina la madzi otsukira mbale, lina la kuchimbudzi. Akadzaza mumayendetsa nyumba yonse kupita pamalo otayira. Muyambe kutsegula la kuchimbudzi, lamadzi a sopo libwere pambuyo kuti litsuke paipi. Ulendo wanga woyamba sindinamange paipiyo bwino. Zomwe zinachitikira nsapato zanga sindinena, kungoti bambo a kunyumba agule magolovesi.

Nsima muziphikira panja. M'katimo m'mopanikiza, nthunzi imangowonjezera chinyezi chija, ndipo mkono wa mthiko umagunda kabati.

Madzi akaphwa, tengani ana ku Yaquina Head, kumpoto kwa tauni. Pali nsanja younikira sitima ya mu 1873, koma ana sadzaiyang'ana n'komwe. Maso awo adzakhala m'tizithaphwi totsala m'miyala, momwe muli tinkhanu ndi tizamoyo tooneka ngati nyenyezi, tina tofiirira tina ta mtundu wa lalanje, titakakamira mwala ngati tamatidwa. Anga anagwada pamenepo maola awiri, njala osaimva. Madzulo pitani kudoko mukaone ma sea lion (nyama zikuluzikulu za m'nyanja) atagona mopanikizana pamatabwa, akuuwa ngati agalu a m'mudzi wonse. Mukakhala ndi tsiku lapadera, ku Depoe Bay anangumi amaoneka muli chiimire pamtunda.

Gombe lonse n'la aliyense kuyambira lamulo la mu 1967, palibe wokuthamangitsani. Koma nyanja musaifulatire. Limabwera funde limodzi lalikulu mosayembekezeka, n'kugubuduza zipika zomwe ana amakonda kukwerapo. Zikwangwani zabuluu zosonyeza njira yothawira tsunami, chifunde chija chobwera ndi chivomezi, nazonso muziwerenge tsiku loyamba, muyende njirayo ndi ana mpaka pamtunda aidziwe. Majuzi mutenge awiriawiri, mphepo ya masana siiona kuti ndi chilimwe.