Funsani Tikuyankheni: Tigule tikiti imodzi ya masiku angapo kapena tikiti ya ulendo uliwonse?

Funso: Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala ku Zomba. Chaka chamawa ndikupita kukaona mwana wanga wamkazi amene ndi namwino ku Leeds, m'dziko la Britain. Iye akufuna kuti tikayende limodzi pa sitima ya pamtunda kwa masabata awiri, kuchokera ku Leeds kudzera ku London mpaka ku Paris, kenako ku Zürich, Milan ndi Rome, ndipo pobwerera tidzakwere ndege. Mnzake wina wamuuza kuti tigule Eurail Pass, tikiti imodzi yokwerera sitima zonse, koma achimwene anga akuti kumeneko n'kutaya ndalama, ndi bwino kumagula tikiti ya ulendo uliwonse payokha. Timvere ndani? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba, paja safunsa anadya phula. Pa njira imene mwatchulayi achimwene anu ndi amene ali pafupi ndi zoona, ngakhale kuti mawu akuti n'kutaya ndalama awonjeza pang'ono.

Choyamba, inu ndi mwana wanu simungagule tikiti yofanana. Eurail Pass, imene inayamba mu 1959, ndi ya anthu okhala kunja kwa Ulaya, choncho ndi yoyenera inuyo. Mwana wanu, popeza amakhala ku Britain, ayenera kugula Interrail Pass, ndipo chimene amayang'ana si mtundu wa pasipoti koma dziko limene munthu akukhala. Matikiti awiriwa amagwira ntchito m'maiko 33, koma wa Interrail amaloledwa kuigwiritsa ntchito m'dziko lake masiku awiri okha, lotuluka ndi lobwerera.

Tsopano tiwerengere. Ulendo wanu uli ndi masiku anayi okwera sitima zamtunda wautali, ndipo tikiti ya masiku anayi ogwiritsidwa ntchito mkati mwa mwezi umodzi yakhala ikugulitsidwa pa mtengo wochepera pang'ono mayuro 300 kwa munthu wamkulu, kutanthauza mayuro pafupifupi 70 pa tsiku. Amene akwanitsa zaka 60 amachotseredwako pang'ono, chimodzimodzinso achinyamata osafika zaka 28. Chimene ambiri sauzidwa n'chakuti tikiti imeneyi imakupatsani ufulu wokwera, koma pa sitima zambiri zothamanga siikupatsani mpando. Mpandowo mumausungitsa padera ndipo mumalipiranso. Pa Eurostar, imene imachoka pa siteshoni ya St Pancras ku London n'kudutsa pansi pa nyanja kukafika ku Paris m'maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20, mwini Eurail amawonjezera mayuro 30 kapena kuposerapo. Sitima ya TGV Lyria yochoka ku Paris kupita ku Zürich imafunanso ndalama yofanana ndi imeneyo. Yochoka ku Zürich kupita ku Milan nayonso imafuna kusungitsa mpando, ndipo Frecciarossa ya ku Italy, imene imayenda pakati pa Milan ndi Rome m'maola atatu, imafuna mayuro opitirira 10. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti munthu aliyense wawonjezera mayuro ena pafupifupi 80 pamwamba pa mtengo wa tikiti ija. Kunena mwachidule, mwasankha njira imene pafupifupi sitima iliyonse ili ndi msonkho wake.

Palinso vuto lina loposa la ndalama. Pa Eurostar mipando yopatulidwira eni Eurail ndi Interrail ndi yowerengeka, moti m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, pamene anthu a ku Ulaya ali pa tchuthi, mukhoza kupeza kuti yatha pomwe sitimayo ikugulitsabe matikiti wamba. Munthu amene anagula tikiti ya masiku pofuna kuti azinyamuka tsiku lililonse limene wafuna amapezeka kuti akusungitsa mipando masabata angapo ulendo usanafike, ndiye ufulu umene analipirira uja wapita.

Matikiti a ulendo umodzi umodzi ku Ulaya amagulitsidwa ngati a ndege: wogula msanga amalipira zochepa, wochedwa amalipira zambiri. Makampani monga SNCF ya ku France ndi Trenitalia ya ku Italy amayamba kugulitsa kutatsala miyezi itatu kapena inayi. Wogula nthawi imeneyo amatha kupeza tikiti ya Milan kupita ku Rome pa mayuro osafika 40, pomwe wogula pa tsiku la ulendo amalipira kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Ku Italy kulinso sitima za kampani ina yotchedwa Italo, zimene zimapikisana ndi Frecciarossa pa njira yomweyo ndipo kawirikawiri zimatsitsa mitengo, koma Eurail siigwira ntchito pa sitima zimenezi. Eurostar nayonso imatsika mtengo kwambiri mukagula msanga, koma pa tsiku la ulendo imatha kupitirira mapaundi 150. Ngati masiku anu ndi odziwika kale ndipo malo ogona mwasungitsa, matikiti asanu ogulidwa msanga nthawi zambiri adzatsika mtengo poyerekeza ndi Eurail pamodzi ndi mipando yake.

Mnzake wa mwana wanuyo sanalakwe kotheratu. Tikiti ya masiku imapindulitsa kwambiri ku Germany, Austria, Switzerland, Belgium ndi Netherlands, kumene pa sitima zambiri za m'dzikomo munthu amangokwera n'kukhala pa mpando uliwonse wopanda mwini popanda kulipira china. Kumeneko mukhoza kudzuka m'mawa ku Munich, kuona kuti kunja kwacha bwino, n'kukwera sitima yopita ku Salzburg popanda kufunsa aliyense. Pa ulendo wanunso pali tsiku limodzi limene tikitiyi ingagwire ntchito yaikulu, ndilo loyamba, chifukwa sitima yochoka ku Leeds imafikira pa King's Cross, siteshoni yoyandikana ndi St Pancras, ndipo maulendo awiriwo mukawayenda tsiku limodzi amawerengedwa ngati tsiku limodzi la tikiti. Matikiti a ku Britain ogulidwa mochedwa ndi odula kwambiri. Komabe mwana wanu, amene amakhala konko, akhoza kugula msanga matikiti otchedwa Advance, ndipo phindu limenelo limachepa.

Chenjeraninso ndi malangizo a anthu amene anayenda kalekale, chifukwa mitengo imasintha. Ku Japan anthu ankauzana kwa zaka zambiri kuti mlendo aliyense agule Japan Rail Pass, koma mu Okutobala 2023 ya masiku asanu ndi awiri inakwera kuchoka pa mayeni 29,650 kufika pa 50,000, ndipo kuyambira pamenepo ongopita ku Kyoto kuchokera ku Tokyo n'kubwerera saonanso phindu lake.

Kwa inu amene muli ndi pasipoti ya Malawi, nkhani yaikulu ndi viza. Viza ya ku Britain siikulowetsani ku France, Switzerland kapena Italy. Maiko amenewa amafuna viza ya Schengen, viza imodzi yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, imene mwalamulo mumaipempha muli m'dziko limene mumakhala, choncho muyambe kuikonza musanachoke kumudzi. Matikiti otsika mtengo aja nthawi zambiri sabwezedwa ndalama, kapena amabwezedwa movutikira, ndiye musawagule viza isanatuluke. Apa m'pamene Eurail ikhoza kukupulumutsani: ngati viza yachedwa n'kutuluka kutatsala masabata awiri kapena atatu, matikiti otsika mtengo adzakhala atatha, ndipo pamenepo tikiti ya masiku, imene mtengo wake sukwera ngakhale ulendo utayandikira, ikhoza kukhala yotsika. Tsiku limene viza yatuluka, mwana wanu atsegule intaneti, alembe mtengo wa ulendo uliwonse pa masiku enieni amene mudzayende, awonkhetse, ayerekeze ndi mtengo wa Eurail ndi Interrail pamodzi ndi mipando, koma ayambe waona ngati mipando ya Eurostar ilipo.

Za kalipiridwe, ndi bwino kuti mwana wanu alipire zonse ndi khadi lake la ku Britain, inu mudzagwirizane naye pambuyo pake. Ndalama zakunja zakhala zikuvuta m'mabanki a kuno, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yuro iliyonse imene mwapulumutsa ndi ndalama yooneka.

Mukasankha Eurail, dziwani kuti masiku ano imakhala pa foni, mu pulogalamu yotchedwa Rail Planner, ndipo sitima iliyonse muyenera kuilembetsa mmenemo musanakwere, apo ayi woyendera matikiti adzakuonani ngati mulibe tikiti. Mukasankha matikiti wamba, ku Italy tikiti ya pepala ya sitima zoima pa siteshoni iliyonse muyenera kuidinditsa pa kamakina kamene kamakhala polowera ku sitima, chifukwa yosadinda amalipiritsa chindapusa ngakhale mutaigula mphindi zisanu zapitazo.