Funsani Azakhali: Ndigule chani chamagetsi kukhitchini poti mayunitsi akuvuta?

Funso: Azakhali, ine ndimagwira ntchito mtauni ndipo pofika pakhomo kumakhala kutada kale, ana ali ndi njala, ndiye ndiyambe kukoleza mbaula nthawi imeneyo. Mwezi uno tikugawana ndalama ku banki mkhonde, ndikufuna ndigule kanthu kamagetsi kondithandiza kuphika. Anzanga akuti air fryer, kachipangizo kokazinga zakudya ndi mpweya wotentha, ena akuti raisi kuka, abambo akunyumba akuti zonsezo nzongotha mayunitsi basi. Ndimvere ndani? Nabanda, Chirimba

Yankho: Mwana wanga Nabanda, abambowo sakunamiratu koma sizonse zimadya magetsi mofanana ayi. Tembenuza chipangizo chilichonse uone kunsi kwake, amalembapo mawatsi. Chinthu cha mawatsi 1000 chikayaka ola lathunthu ndiye kuti yuniti imodzi yapita pa mita. Masamu ake ndi omwewo.

Ine ndikanakhala iwe ndikanagula pulesha kuka yamagetsi, osati air fryer. Tangoganiza za nyemba. Pa hotipuleti zimatha maola atatu zikubwata, ukuthirira madzi, ukuthiriranso, mayunitsi atatu kapena anayi osaoneka komwe alowera, pa mbaula ndiye makala ake umachita kumva chisoni poti thumba lake mtengo ukuudziwa wekha. Mu pulesha kuka nyemba zoviika usiku zimapsa ola lisanakwane ndipo kawirikawiri yuniti imodzi siikwana nkomwe, chifukwa chivindikiro chimatseka nthunzi yonse mkati, kutentha kumakwera, kenako imayamba kumadzizimitsa yokha nkumayakanso pang'onopang'ono. Nyama yolimba, nkhuku yachikuda, mapazi a ng'ombe, nandolo wouma, zonsezi momwemo. Mpunga imaphikanso bwinobwino ndiye raisi kuka ungoisiya kaye. Koma chonde mwana wanga, nyemba usadzadze kupitirira theka la poto chifukwa zimafufuma ndipo thovu lake limatseka kabowo kotulukira nthunzi, komanso usakakamize kutsegula nthunzi isanathe, anthu amapsa nazo kumaso zimenezi.

Ndalama ikatsalako onjezera ketulo. Imalembedwa mawatsi ambiri, mwina 2000, koma imangoyaka mphindi zinayi madzi awira. Mmawa tiyi ndi phala la ana asukulu zimafulumira. Ukafuna kuphika nsima sakaniza madzi a mu ketulo ndi ozizira akhale ofunda, ukathira ufa m'madzi owira umachita mibulu.

Air fryer ndi yabwino pa tchipisi ndi nkhuku, mafuta ophikira imapulumutsadi, koma kadengu kake nkakang'ono ndipo pakhomo pa ana sitidya tchipisi tsiku ndi tsiku. Ibwere chaka chamawa.

Mbaula usataye. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ukukumbuka mmene kunadera mu 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira. Nsima nayo imafunabe poto ndi mthiko.

Funso: Azakhali, achimwene anditumizira bulenda kuchokera ku Joni koma pulagi yake sikulowa pa soketi. Komanso ndingaperemo nsinjiro? Mtsikana wa ku Bangwe

Yankho: Za ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira pomwe masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, ndiye ingopita kwa wamagetsi ku Limbe akudulire aikepo pulagi yathu yokhala ndi fyuzi, zosomeka mawaya ndi timitengo ta machesi zija ayi, nyumba zimapsa. Nsinjiro ungapere ngati pali kakapu kakang'ono koperera zouma, koma uzidina pang'ono nkusiya, kudinanso nkusiya, ukalimbikira mtedza utulutsa mafuta usanduka chiponde. Kapu yaikuluyo ndi ya tomato, anyezi ndi juwisi wa mango. Magetsi akazima izule pa soketi, nthawi zina amabwerera ndi mphamvu yoposa muyeso nkuotcha mota.