Ahedi akasamuka, mwambo wa pasukulu usapite nawo

Mayi wina amene amaphunzitsa Sitandade 5 wanditumizira imelo. Ahedi amene anathetsa chikoti pasukulu pawo awasamutsa, aphunzitsi ena apitanso, ndiye akufunsa kuti atani kuti zimene anamanga zisagwe. Mayi, funso lanuli landikhudza pabala.

Ndinaphunzitsapo pasukulu ina yakumudzi pomwe ahedi anabwera ndi malamulo atatu okha: lemekeza mnzako, samala katundu, fika nthawi yabwino. Sitinangowalemba pakhoma ayi. Tinkapita ndi ana pamjigo n'kuwaonetsa kaimidwe ka pamzere, wina akupopa, wina akudikira ndi chigubu chake. Lachisanu pa asembule ahedi ankatchula mayina a ana amene achita bwino. Mnyamata wina wodziwika ndi ndewu anamva dzina lake tsiku lina chifukwa chowolotsa mwana wa Sitandade 1 pamtsinje mvula itagwa. Anangowerama, manja m'matumba, akubisa kumwetulira. Teremu imeneyo sitinamumvenso pa mlandu.

Kenako kalata ya transifa inafika. Pasanapite nthawi makasu a chibalo anatulukanso, ana n'kumakumba mayenje anzawo ali pa masamu. Ahedi atsopanowo sanali munthu woipa. Anafika mu ofesi momwe munalibe ngakhale pepala limodzi lofotokoza zimene tinkachita, ndiye anabwerera ku zimene ankadziwa. Mpaka lero zimandiwawa.

Njira ya ahedi oyamba aja, yophunzitsa ana malamulo ochepa n'kumayamikira ochita bwino m'malo modalira chilango, ku America amaitcha PBIS. Inakulira payunivesite ya Oregon m'manja mwa akatswiri ngati Rob Horner ndi George Sugai, ndipo inafala kwambiri lamulo lawo la maphunziro a ana olumala litakonzedwanso mu 1997. Kumeneko amalangiza kuti musayambe aphunzitsi 80 mwa 100 alionse asanavomereze, ndiponso kuti ntchitoyi iyendetsedwe ndi gulu, osati munthu mmodzi. Kent McIntosh, amene wafufuza nkhani yomweyi ya kukhalitsa, anapeza kuti sukulu zimene gulu lake limakumana, kuwerenga manambala a milandu ya ana n'kuwaonetsa aphunzitsi onse, ndi zimene zimapitiriza.

Ine ndimanena mosapsatira: mwambo umene uli m'mutu mwa ahedi okha si wa sukulu, ndi wa ahediwo. Ndipo ndimakana zoimba mlandu mphunzitsi watsopano. Mtsikana wangochoka ku TTC, mwam'patsa kalasi ya ana oposa 100, ena akhala pansi, palibe wam'fotokozera chilichonse. Phokoso likakwera adzatola kamtengo basi, ngakhale unduna umaletsa. Kuchulukana kumeneku tinakulandira mu 1994 pamodzi ndi maphunziro aulere a pulayimale, ndipo sindidandaula kuti ana anabwera. Chimandipweteka n'choti timatayira mphunzitsi m'kalasi yotere ali yekhayekha, kenako n'kumadabwa.

Nkhani ya nyumba za aphunzitsi nayonso ilowa pomwepa, chifukwa ambiri amapempha transifa kuthawa nyumba zodontha ndi mtunda wautali wopita kuchipatala. Amene sasamuka ndi makolo.

Ndiye mutani, mayi?

Yambani ndi makolowo. Pitani kwa apampando a komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a Mother Group, malamulo a mwambo wa pasukulu panu alowe mu pulani ya chitukuko cha sukulu komanso mu logi buku, a PEA, alangizi a sukulu za m'zoni yanu, adziwe. Lembani tsamba limodzi lokha la zimene mumachita mwana akalakwa, n'kupatsa mphunzitsi aliyense watsopano sabata yake yoyamba, pamodzi ndi mnzake wakale womuyang'anira. Sungani kope la milandu, tsiku, malo ndi nthawi. Ahedi atsopano akafika musakayambe ndi kutamanda amene anachoka. Atengereni kopelo, aone okha mmene ndewu za pamjigo zatsikira, n'kuwapempha kuti Lachisanu likubwerali mayina a ana atchule ndi iwowo.